Frutex, Talea ndi Chitsamba: Kodi Chilatini Chinatiposa Pati?

Nkhani ino inabadwira m'kalasi. Ndinapatsa ophunzira anga a zauphunzitsi kuno ku Kabwe ndime yaifupi ya m'buku la zaulimi lolembedwa m'Chingerezi kuti aimasulire m'Chinyanja. Ndimeyo inali kufotokoza za mlimi amene waswa mphanje, watentha malo owirira, kenaka wabzala chinangwa ndi nthochi. M'menemo munali mawu a Chingerezi oti shrub, thicket, cutting ndi sucker. Mapepala atabwera ndinapeza kuti ambiri analemba liwu limodzi lokha, chitsamba, pa mawu awiri oyambawo, ndipo pa awiri enawo anangosiya Chingerezi chomwecho. Nditafunsa chifukwa chake, wophunzira wina, amenenso ndi wanzeru ndithu, anayankha kuti Chinyanja chilibe mawu a zinthu zotere, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a zomera amathawira ku Chilatini, kumene chinthu chilichonse chili ndi dzina lakelake.

Yankho limeneli si la wophunzirayo yekha. Ndalimvapo pa misonkhano ya okonza mawu ophunzitsira, ndipo kawirikawiri limatuluka pakamwa pa anthu amene amachikonda Chinyanja. M'nkhani ino ndifuna kuyesa chikhulupiriro chimenechi pa kagawo kamodzi kokha: mawu otchulira zitsamba, malo owirira, ndi zidutswa za zomera zimene timadula kuti tibzale. Ndisonyeza kuti pa kagawo kameneka Chilatini chinali chilankhulo cha alimi, cha mawu olowerana matanthauzo monga athu, ndi kuti malire amene timawasirirawo anaikidwa mochedwa kwambiri ndi anthu odziwika mayina awo.

Zilatini ziwiri

Poyamba tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri zimene timazitchula ndi dzina limodzi. Pali Chilatini cha Aroma amene analemba za ulimi: Cato cha m'ma 160 BC, Varro amene analemba buku lake mu 37 BC ali ndi zaka 80, Vergil amene anamaliza ndakatulo yake ya Georgica mu 29 BC, Columella wa mabuku 12 a zaulimi, ndi Pliny amene anatsiriza Naturalis Historia mu 77 AD. Palinso Chilatini cha akatswiri a zomera, chimene chinakhazikika ndi Linnaeus, makamaka m'buku lake la Species Plantarum la 1753. William Stearn, m'buku lake la Botanical Latin la 1966, anafotokoza bwino kuti chachiwirichi ndi chilankhulo chapadera, chokonzedwa dala, chimene Mroma wakale sakanachimva mosavuta. Kuyambira mu 1935 aliyense wofuna kupatsa chomera dzina latsopano anayenera kuchilongosola m'Chilatini chimenechi. Lamuloli linamasulidwa pa msonkhano wa ku Melbourne mu 2011, kotero kuti kuyambira pa 1 January 2012 Chingerezi chimaloledwanso, ngakhale kuti mayina enieniwo akadali m'maonekedwe a Chilatini.

Wophunzira wanga uja, ponena za chilankhulo chimene chinthu chilichonse chili ndi dzina lake, anali kunena za chachiwirichi. Koma mizu yake ili m'choyamba chija, ndipo kumeneko zinthu sizili zosalala.

Titenge liwu loti frutex, limene lero limatanthauza chomera cha mtengo wolimba, chachifupi, cha matsinde angapo ochokera pansi. Kwa Aroma liwuli linkatanthauza zimenezi, komanso tsinde la chomera, komanso mphukira zotuluka m'phata la mtengo. Ndipo m'sewero lina la Plautus munthu akutukwana mnzake pomutcha frutex, monga momwe ife tinganenere munthu wosamva kuti ndi chitsa. Liwu loti virgultum linachokera ku virga, ndodo yanthete, ndipo limayendayenda pakati pa chitsamba, mphukira ndi malo owirira. Jerome, pomasulira Baibulo m'Chilatini, analigwiritsa ntchito pa Genesis 2:5 kunena zomera za m'thengo, nalibwerezanso pa Yesaya 53:2 kunena kamphukira kamodzi. Za minga ndiye zochuluka: dumus, vepres, sentis, rubus. Mabuku otanthauzira mawu amayesa kuwaikira malire, koma alakatuli ankasinthanitsa mawuwa malinga ndi kayendedwe ka mzere. Chodabwitsa kwambiri ndi arbustum. Kwa Varro ndi Columella limeneli silinali chitsamba konse, koma munda wa mitengo yobzalidwa kuti mpesa uyangepo. Komabe m'Chipwitikizi liwuli linasanduka arbusto, chitsamba, ndipo ndi momwe ana olankhula Chinyanja ku Tete ndi ku Niassa amaliphunzirira kusukulu.

Ngakhale kugawa zomera m'magulu anayi, mtengo, chitsamba, kachitsamba ndi therere kapena udzu, sikunayambe ndi Aroma. Anakuyamba ndi Theophrastus, Mgiriki amene anamwalira cha m'ma 287 BC, ndipo iye mwini anachenjeza kuti malirewo asaumirizidwe, pakuti chomera chimodzimodzi chingakhale mtengo pamalo ena ndi chitsamba pamalo ena, malinga ndi m'mene chasamalidwira. Chenjezo limeneli mabuku athu a kusukulu analisiya m'njira.

Zimene Chinyanja chili nazo

Tsopano tibwere kwathu. Chitsamba ndi liwu lomangidwa poyera: tsamba ndi mphatikiram'mbuyo chi-, ndiye kuti chinthu chimene chaoneka masamba okhaokha, thunthu lake losaonekera. Ndi tanthauzo labwino, ndipo silisiyana kwenikweni ndi la frutex. Vuto lake ndi lakuti liwuli lasenza katundu wina: tikati zitsamba, anthu ambiri amayamba aganiza za mankhwala a sing'anga. Brian Morris, m'nkhani yake ya 1984 yonena za m'mene anthu wamba amagawira zamoyo, ndiponso m'buku lake la Chewa Medical Botany la 1996, anasonyeza kuti Achewa sagawa zomera poyang'ana maonekedwe okha, koma ntchito yake imalowamo. Mwana wa Sitandade kapena Giredi 4 akawerenga kuti mlimi anatentha zitsamba, m'mutu mwake mungathe kubwera chithunzi china.

Pa malo owirira tili ndi mawu ambiri kuposa amene ophunzira anga anakumbukira. Thengo ndi tchire ndi malo osalimidwa, osati mtundu wa chomera. Ndipo onse awiri ali ndi matanthauzo ena a chikhalidwe, monga timamvera m'mawu oti kupita kuthengo kapena mimba yapathengo. Nkhalango ndi ya mitengo ikuluikulu. Msitu ndi kadera kothithikana, kamdima, kosiyana ndi malo ozungulira, monga timaonera kumanda kapena pa gwero la mtsinje. Liwuli ndi lakale m'zilankhulo za Chibantu: Chiswahili chili ndi msitu, Chibemba chili ndi umushitu. Tsala ndi munda wogonekedwa umene tchire layamba kubwereramo. Ndipo pali chiyangoyango, kuchokera ku mneni woti kuyanga, tsinde lake litabwerezedwa kusonyeza kupiringizana kwa zomera zoyanga ndi nthambi. Pamwamba pa mayinawa pali mneni woti kuwirira, amene amatilola kunena kukula kwa kuthithikanako.

Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray pamodzi ndi anzake a Chinyanja, anawadziwa mawu amenewa, ndipo nkothandiza kuika zosankha zawo pambali pa za Jerome, pokumbukira kuti onse anali kumasulira kuchokera ku Chihebri, osati wina kuchokera kwa mnzake. Pa Genesis 22:13, pamene nkhosa inakodwa ndi nyanga zake, liwu la Chihebri limachokera ku muzu wotanthauza kulukana. Jerome anaika vepres, motero analowetsamo minga imene Chihebri sichinatchule. A Buku Lopatulika anaika chiyangoyango. Kunena mosapsatira, pamenepa Chinyanja ndicho chinalasa pakati. Pa Eksodo 3:2 Chilatini chili ndi rubus, dzina la chomera china chake cha minga, pamene Chinyanja chinangoti chitsamba. Popeza akatswiri mpaka lero sagwirizana za chomera chimene Mose anaona, liwu lotakatalo silolakwa. Pa Oweruza 9:14, m'fanizo la mitengo yofuna mfumu, pamene pamafunika chomera chonyozeka ndi chokanda, Jerome anabwereka rhamnus ku Chigiriki, koma athuwa anapeza mkandankhuku pakhomo pomwepa. Sindikunena kuti kumasulira kwawo kulibe zilema. Ndikunena kuti zaka zoposa 100 zapitazo anthu anakhala pansi, nafunsa, napeza mawu atatu osiyana pamene ife lero tikulemba limodzi.

Pali mbali imodzi imene Chilatini chili ndi chida chimene ife tilibe, ndipo tiyenera kuvomereza. Mphatikiram'tsogolo -etum amasandutsa dzina la chomera kukhala dzina la malo amene chomeracho chachuluka: frutex, fruticetum, dumus, dumetum, vepres, vepretum, rubus, rubetum, oliva, olivetum. Ndi kachida kaukhondo, ndipo akatswiri a zomera akugwiritsabe ntchito potchula magulu a zomera zomerera pamodzi. Chinyanja chimachita ntchito yomweyo m'njira ina, pophatikiza kuchulukitsa ndi magulu a mayina osonyeza malo: m'minga, m'misuku, m'nsungwi, pamiwawa. Kusiyana kwake nkwakuti athuwa amamveka ngati akuyankha funso loti kuti, ndipo savomera msanga kuima ngati mutu wa nkhani m'buku. Koma pa kuchepetsa tili pamodzi. Surculus ndi malleolus, amene tiwaone posachedwa, ali ndi timichira tochepetsa timene ntchito yake ndi ya ka- ndi ti- wathu: kamtengo, timitengo.

Chitsamba chimene si chitsamba

Wina angafunse ngati kusiyanitsa kumeneku kuli ndi phindu kunja kwa kalasi. Aliyense amene wayendapo pa msewu wochoka ku Kabwe kupita ku Kapiri Mposhi, kapena kulowera kumadzulo cha ku Lukanga, waona madera aakulu a zomera zofika m'chiuno kapena m'mapewa pamene kale panali mitengo ya miombo. Wodutsa pa basi anganene kuti ndi zitsamba. Koma akatsika nkufukula pang'ono adzapeza chitsa cha mombo kapena mchenga chimene otentha makala anasiya, ndipo chimene akuchiona ndi mphukira zake. Emmanuel Chidumayo, amene wafufuza za miombo ya m'Zambia kwa zaka zambiri ndipo analemba buku la Miombo Ecology and Management mu 1997, anasonyeza kuti nkhalango zimenezi zimabwerera makamaka kudzera m'zitsa ndi mizu yotsala m'nthaka, osati m'njere zatsopano. Ndiye kuti dera lotere ndi nkhalango imene ikuchira. Mphunzitsi kapena mlangizi akalitcha la zitsamba, wapereka kale chilolezo choti litenthedwe kapena lizulidwe, pakuti ndani amalira chitsamba? Akalitcha la mphukira za zitsa, wanena zoona, ndipo wanena m'mawu amene mlimi aliyense amawadziwa.

Chitsanzo chinanso ndi chovuta koposa. M'mphepete mwa madambo ndi m'malo a mchenga muli tizomera tosapitirira m'bondo, timene timapsa ndi moto chaka ndi chaka nkuphukanso, koma pansi pa nthaka tili ndi thunthu lolimba ndi nthambi zotambalala. Frank White, mlembi wa Forest Flora of Northern Rhodesia ya 1962, anazitcha nkhalango za pansi pa nthaka m'nkhani yake yotchuka ya m'ma 1970. Chodziwika bwino ndi Parinari capensis, mbale wake wa muula kapena mpundu, Parinari curatellifolia: masamba ndi zipatso zofanana, koma wina ndi mtengo waukulu, wina ndi wokwawa. Akatswiri amazitcha suffrutex, kutanthauza chochepera pa frutex, nawonjezapo mfotokozi wa Chigiriki wonena za thunthu la m'nthaka. Taonani kuti Chilatini nachonso chinalibe liwu lokonzeratu. Anachita kulumikiza zidutswa za zilankhulo ziwiri ataona chomeracho ndi maso kuno kwathu.

Ndipo pamene akatswiri omwewo anafuna mayina a mitundu ya malo omera, sanapite ku Roma. Colin Trapnell, amene anayendera nthaka ndi zomera za dziko lino m'ma 1930 natulutsa malipoti ake mu 1937 ndi 1943, ndiponso D. B. Fanshawe ndi R. M. Lawton pambuyo pake, anagwiritsa ntchito mawu a eni dziko: miombo, chipya, mateshi, mushitu, munga. Mateshi ndi liwu la Chibemba la malo owirira a zomera zosayoyoka masamba. Dambo, liwu lathu lenileni, lero lili m'mabuku a sayansi ya nthaka ndi madzi a m'maiko ambiri. Nkovuta kumvetsa m'mene tingapitirizire kunena kuti zilankhulo zathu sizitha kusiyanitsa zinthu, pamene sayansi yomweyo inabwera kudzabwereka kwa ife itasowa mawu.

Mbewu ndi semen

Tifike tsopano pa zidutswa zobzala, pamene ophunzira anga anagwa mphwayi kotheratu. Pano Chilatini chili ndi mayina ambiri ndithu. Talea ndi chidutswa cha nthambi chodulidwa mbali zonse ziwiri. Cato analangiza kuti za mtengo wa azitona zikhale za mapazi atatu ngati zikukabzalidwa m'dzenje, ndi phazi limodzi ngati zikupita ku nazale. Phazi la Aroma linali pafupifupi masentimita 30, umene ndi utali womwewo umene alangizi amapereka lero pa chinangwa. Surculus ndi kanthambi kanthete kobzala kapena komezanitsa. Malleolus, kutanthauza kanyundo, ndi kanthambi ka mpesa kodulidwa pamodzi ndi kachidutswa ka nthambi yakale, kotero kuti kamaoneka ngati nyundo. Columella ndiye amafotokoza zimenezi. Propago ndi nthambi yowerama imene yakwiriridwa isanadulidwe kwa make kuti iyambe yamera mizu. Pliny amati anthu anaphunzira njira imeneyi kwa rubus, amene nsonga zake zikagunda pansi zimazika mizu zokha. Ndipo mkandankhuku wa m'mapiri athu, amene ali wa mtundu womwewo, amachita chimodzimodzi. Viviradix ndi chidutswa chimene chamera kale mizu. Stolo ndi mphukira yotuluka m'phata kapena m'mizu, ndipo Varro amasimba kuti banja lina la ku Roma linatenga dzina loti Stolo chifukwa kholo lawo silinkalola mphukira yotere kuoneka m'munda mwake.

Mndandanda umenewu ndi wokongola, koma tiufunse kumene unachokera. Unachokera m'minda ya mpesa ndi azitona, mbewu ziwiri zimene chuma cha Aroma chinatsamirapo ndipo zonse zimafalitsidwa ndi nthambi. Anthu amasula mawu pamene manja awo amagwira kwambiri. Makolo athu anadalira mawere, mapira, ndipo pambuyo pake chimanga, zonse za njere. Chinangwa ndi mbatata zinachokera ku America m'zaka mazana angapo zapitazi. Sikodabwitsa kuti mayina athu apadera ali ambiri ku mbali ya ngala, phesi, njere ndi nthanga.

Komabe mfundo yaikulu ili pa liwu lokuta zonsezi. Varro, pofuna kugawa zinthu zobzalidwa, anati zilipo za mitundu inayi: zimene chilengedwe chimapereka chokha, zimene zimasamutsidwa ndi mizu yake, zimene zimadulidwa ku mtengo nkuzikidwa pansi, ndi zimene zimalumikizidwa ku mtengo wina. Zonse zinayi anazitcha ndi liwu limodzi, semen. Limeneli ndi mbewu yathu ndendende. Mlimi wa ku Chipata kapena wa kuno ku Bwacha akanena kuti akufuna mbewu ya chinangwa, akutanthauza ndodo. Akati mbewu ya mbatata kapena kandolo, akutanthauza zingwe zake zoyanga. Akati mbewu ya nthochi, akutanthauza mwana wa nthochi wokumbidwa m'phata la make. Ndinamvapo munthu wophunzira akudzudzula kalankhulidwe kameneka, nati nkusadziwa kusiyanitsa njere ndi nthambi. Wodzudzulayo sanadziwe kuti akudzudzula Varro. Mbewu si njere. Mbewu ndi chilichonse chimene chasungidwa kuti chipitirize mtundu, ndipo n'chifukwa chake liwuli limafikanso kwa anthu, monga momwe semen ndi stirps ankachitira ku Roma. Ngakhale planta, kholo la liwu la Chingerezi lotchulira zomera zonse, poyamba linkangotanthauza kachidutswa kobzala.

Pamene Chilatini chinaunjika mayina, Chinyanja chinaunjika aneni. Aroma anali ndi mneni mmodzi wamkulu, serere, wa kufesa ndi kubzala komwe. Ife timafesa mawere, timabzala chimanga, timawoka mbande za fodya kapena tomato, timazika nsichi ndi nthambi za nkhadze kapena kachere kuti zikhale mpanda wamoyo, timasomeka ndodo za chinangwa pa mzere, timakwirira nthambi, timamezanitsa mango ndi malalanje. Mbali zake za chidutswacho zilinso ndi mayina: mfundo kapena mphindi, nsonga, ndi maso a nzimbe. Aroma nawonso ankati oculus, diso, ndipo kuchokera pamenepo anapanga inoculare, kuika diso la mtengo wina mu khungwa la unzake. Wophunzira amene wafunafuna dzina limodzi lofanana ndi cutting nkulephera, amaganiza kuti chilankhulo chake nchosauka, pamene chuma chake chili m'gulu lina la mawu kumene iye sanayang'aneko.

Pano pali kanthu kongosangalatsa, koma kophunzitsa. Mawu awiri a m'munda wa Aroma anafika m'Chinyanja osazindikirika. Talea anabala mneni wa Chilatini cha pambuyo pake wotanthauza kudula, amene kudzera m'Chifalansa ndi Chingerezi anatipatsa telala, wodula nsalu. Ndipo seminarium, amene kwa Cato anali nazale ya mbande, anapatsidwa ntchito yatsopano msonkhano wa ku Trent utalamula mu 1563 kuti pakhale sukulu zolerera ansembe. Motero seminale ya ku Mpima kufupi ndi tauni ino, kapena ya ku Kachebere, ndi nazale m'tanthauzo lenileni la liwulo. Anthu sanaope kutenga liwu la kudimba nkulikweza.

Kumene mabuku athu anatisiya

Ngati zinthu zili tero, chikhulupiriro chija chinachokera kuti? Ndiganiza kuti mbali ina ya mlandu ili pa mtundu wa mabuku amene tinalandira. Useful Plants of Nyasaland ya Jessie Williamson ya 1955, mndandanda wa Fanshawe wa 1965 wa mayina a mitengo m'zilankhulo za m'Zambia, ndi Dictionary of Plant Names in Malawi ya Blodwen Binns ya 1972, ndi mabuku amene sitingachite popanda iwo, ndipo amene anawalemba anagwira ntchito yotamandika. Koma cholinga chawo chachikulu chinali kulumikiza dzina lathu ndi dzina la sayansi. M'kalembedwe kotere Chilatini chimaima ngati mzati, dzina limodzi pa chomera chimodzi, pamene mayina athu amaunjikana pambali pake atatu kapena asanu, ena akubweranso pansi pa chomera china. Wowerenga amatseka bukulo ali ndi chithunzi choti uku kuli dongosolo, uku kuli chipwirikiti. Saona kuti dongosololo ndi pangano la akatswiri, losungidwa ndi malamulo ndi misonkhano, ndipo kuti mayina a sayansi nawonso amasintha: mitengo yathu ya minga imene tinaiphunzira ngati Acacia lero yagawidwa pakati pa Vachellia ndi Senegalia.

Chachiwiri, mabuku amenewa salongosola mawu apakati, a kaimidwe ka chomera ndi a kafalitsidwe kake, chifukwa sinali ntchito yawo. Motero mphunzitsi amaloweza Capsicum frutescens ngati dzina la tsabola wowawa uja osadziwa kuti frutescens akungonena kuti chomeracho chimakula nkukhala ngati chitsamba. Amaloweza Dioscorea dumetorum osadziwa kuti dumetorum ndi kunena kuti chilazi cham'thengochi nchopezeka m'ziyangoyango. Akanadziwa, akanaona kuti katswiri anatchula chomeracho m'njira yomweyo imene agogo ake anatchulira mkandankhuku kapena kankhande, poyang'ana chimene chimachita ndi kumene chimakhala.

Mabuku otanthauzira mawu a zilankhulo ziwiri ali ndi msampha wawo. Mbali yoyambira ku Chingerezi imakakamiza mlembi kupeza dzina pa dzina, ndipo pamene Chinyanja chimanena chinthucho ndi mneni, mlembi amatha kusiya mpata kapena kubwereza liwu lotakata. David Clement Scott, m'buku lake la 1892 la Chimang'anja limene Alexander Hetherwick analikonzanso mu 1929, anapewa msampha umenewu pa mawu ambiri poyambira ku Chinyanja ndi kulongosola ntchito yeniyeni ya anthu m'ziganizo zathunthu. Njira yakeyo ndiyo yoyenera mawu a kumunda. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba, wa chaka cha 2000, unatsegula khomo lofotokozera Chinyanja m'Chinyanja, ndipo ndi m'mabuku a mtundu umenewo momwe malire a mawuwa ayenera kukhazikitsidwa.

Nkhaniyi siyodikira. Kuyambira mu 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 m'Zambia anali kuphunzira m'zilankhulo za m'dera lawo. Ndondomeko ya maphunziro ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, inabwezera Chingerezi pamalo pa chilankhulo chophunzitsira. Koma mphunzitsi wa ku Katete kapena ku Chongwe akaona kuti ana sakumva, amatembenukirabe ku Chinyanja, ndipo mawu amene atuluke pakamwa pake pa mphindi imeneyo ndi amene tinamupatsa ife. Kunja kwa sukulu nakonso nkhani ndi yomweyo. Matenda a chinangwa, monga aja opiringiza masamba ndi aja owoletsa mizu amene anapezeka ku Chienge ndi ku Kaputa mu 2017, amayenda kwambiri ndi ndodo zimene alimi amagawana. Uthenga wochenjeza anthu uyenera kunena momveka chimene chikuletsedwa kusamutsa. Ukangoti zomera, mlimi adzanyamula mtolo wa ndodo zake ndi mtima woyera, pakuti kwa iye ndodo yodulidwa si chomera. Ukati mbewu ya chinangwa, wamva.

Chimene Linnaeus ndi otsatira ake anachita sichinali kupeka mawu, koma kutenga mawu a alimi olowerana aja, kusankhapo tanthauzo limodzi pa liwu lililonse, kulilemba, ndi kugwirizana kulisunga m'mabuku awo, anthu wamba akupitiriza kulankhula monga mwa kale. Ife tingathe kuchita chimodzimodzi, ndipo sindikuona chifukwa chopekera mawu atsopano tisanathe amene alipo. Pofuna kuti pakhale poyambira kutsutsana, ndikupereka matanthauzo awa oti agwiritsidwe ntchito m'mabuku a sukulu. Chitsamba chikhale chomera cha mtengo wolimba chimene mwachibadwa sichitalika ndipo chimagawika nthambi kuyambira pansi. Mphukira ikhale nthambi yatsopano yotuluka pa chitsa, m'phata kapena m'mizu, ngakhale itachuluka bwanji. Chiyangoyango chikhale malo amene zitsamba ndi zoyanga zalukana kotero kuti munthu sangadutse osatema, pamene msitu ukhale wa mitengo italiitali yotseka dzuwa. Mbewu isiyidwe yotakata monga ilili, ndipo pansi pake pakhale njere, mbande, mwana, ndi ndodo yobzala. Pa lomalizali ndikayika ine mwini: ndodo ikukwanira chinangwa ndi nkhadze, koma siikwanira mbatata, ndipo aphunzitsi a ku Lundazi, ku Dedza ndi ku Angónia angathe kukhala ndi liwu labwino koposa limene alimi akwawo amanena podula zingwe za mbatata mvula yoyamba ikagwa.